Mmene Webusayiti Yanga Inatsala Pang'ono Kugulitsa Jimu ya Malume ku Sikirapu

Ine amene ndaima pamaso panu lero ndine munthu woyamba m'mbiri yonse ya Ekurhuleni, kuyambira ku Germiston mpaka ku Brakpan, kumanga dziwe losambiramo, chipinda cha nthunzi ndi magalasi ofika kudenga m'galaja ya malume anga, popanda kugula ngakhale thumba limodzi la simenti. Ndinaikamonso azungu a minofu yonyezimira, akumwetulira ngati kunyamula zitsulo n'kudya keke. Akatswiri a zomangamanga akanamva, akanandivulira zipewa. Vuto linali limodzi lokha: zonsezi zinali pa webusayiti. M'galajamo munali zitsulo zadzimbiri, benchi lomata ndi selotepi, ndi ndowa yolandira madzi odontha kudenga. Dziwe lathu linali ndowayo.

Abale ndi alongo, a tcheyamani andipatsa mphindi zochepa, ndiye musaseke nthawi yaitali. Ndikuona ena mwa inu mwabwera ndi zikwama za laputopu. Ndikudziwa kuti wina wakuuzani kale kuti, "Iwe unapita kusukulu, tandipangira zija za pa intaneti," kaya ndi za saluni, kaya za utelala, kaya za kuchapa magalimoto. Umboni uwu ndi wanu. Mumve bwino musanaphe bizinesi ya m'bale wanu.

Dzina langa ndine Yamikani. Ndinaphunzira za makompyuta pa koleji ina ku Blantyre, chaka chimodzi ndi kachidutswa. Ine ndimati ndinasiya chifukwa aphunzitsi analibe chatsopano chondiuza. Aphunzitsiwo amafotokoza mwina, koma poti sali pano, timve zanga. Nditafika kuno ku Joni ndinapeza ganyu yodula udzu m'mayadi, ndipo sabata yoyamba yomweyo ndinachita zimene tonse timachita: ndinavala jekete yobwereka, n'kutsamira galimoto ya bwana, n'kujambulitsa, n'kutumiza kwathu ku Ntcheu. Musandiyang'ane choncho, bambo mwakhala kutsogolonu. Chithunzi chanu ndinachiona, ndipo galimoto ija ndimaidziwa mwini wake.

Amene anandisunga anali malume anga, a Kachingwe, achimwene awo a mayi anga. Anagwira ulonda pa fakitale ina ku Germiston zaka zambirimbiri. Fakitaleyo itatsekedwa, ndalama zimene anawapatsa sanagulire malata kapena ng'ombe ngati anzawo. Anagulira zitsulo zakale zonyamula, n'kuchita lendi galaja ina kuseri kwa njanji, n'kutsegula jimu. Inalibe dzina. Anthu ankangoti kwa Madala. Ankabwerako alonda oweruka m'mawa, anyamata omanga nyumba, ndi ena oyendetsa matekisi ofuna kuchepetsa mimba. Pageti panali chikwangwani cha thabwa cholembedwa ndi penti yoyera: mtengo, nthawi yotsegula, nambala ya foni. Ine ndinkagona m'kachipinda ka kumbuyo, lendi yanga inali kusesa.

Ndiye pa molo ina pafupi, chinyumba cha masitolo ambiri, anatsegula jimu yaikulu, ija ya magalasi ndi nyimbo. Anyamata ena anathawira kumeneko. Tsiku lina malume anandiitana.

"Mphwanga, aja akuti ali pa intaneti. Ife tili pati?"

"Tili pa Germiston, malume."

"Usandiseweretse, iwe. Tiike pa intaneti."

Ndinaimirira pang'onopang'ono ngati dokotala amene wauzidwa kuti wodwala wafika. Nthawi yanga inali itakwana.

Choyamba ndinapha dzina. Kwa Madala kunasanduka Kachingwe Platinum Executive Wellness International. Malume anayesa kulitchula, mpweya unawathera pakati. Kenako zithunzi. Ndinayang'ana benchi la selotepi lija, ndinayang'ana ndowa, ndinati ayi, dziko silingaone zimenezi. Ndinakatola zithunzi pa intaneti, za majimu a kunja kwa nyanja. Mumtima mwanga sindinkaona kuti ndikunama. Ndinkangotsamiritsa jimu ya malume pa galimoto ya bwana, monga timachitira tonse. Ndinaika vidiyo yoyamba yokha munthu akangotsegula, nyimbo ya ng'oma zankhondo, ndi zilembo zagolide zouluka kuchokera kumanzere. Pa laputopu yanga, pa intaneti yaulere ya ku laibulale, zinkaoneka ngati kumwamba kwatseguka.

Mtengo sindinalembe. Makampani akuluakulu salemba mtengo, amati tilankhuleni. Malo sindinalembe, ndipo apa malume anagwirizana nane ndi mtima wonse.

"Usalembe pomwe tili," anatero. "Ine mapepala ndili nawo, koma theka la anyamata angawa alibe. Ukalemba, mawa veni ya apolisi yaima pageti."

Inu mukudziwa. Ife a kuno tinazolowera kubisa. Munthu akakufunsa kuti umakhala kuti, umaloza ndi mlomo mbali yomwe si yako. Nambala ya foni nayo ndinaibisa. M'malo mwake ndinaika fomu yoti munthu alembe dzina, zaka, kulemera kwake, imelo, ndi zolinga zake pa moyo. Mayankho ankapita ku imelo yatsopano imene ndinatsegula mwaulemu waukulu, n'kuiwala pasiwedi yake sabata yomweyo.

Ndiye onani chimene ndinapanga. Webusayiti yoonetsa zonse zimene tinalibe, yobisa zonse zimene tinali nazo.

Sindinathere pomwepo. Ndinazula chikwangwani chathabwa chija, ndinati chikutichotsa ulemu. Geti ndinalipaka penti yakuda, n'kulembapo adiresi ya webusayiti yokha, yaitali ngati sitima ya katundu. Ndinasindikiza timapepala tokhala ndi adiresi yomweyo n'kugawa pa matchalitchi a Amalawi. Pomaliza ndinachita chimene, kunena zoona, ndinapangira zonsezi: ndinatumiza linki kwathu, kuti mayi anga aone kuti amene analephera koleji uja ndi injiniya.

Anaona. Mudzi wonse unaona. Foni ya malume inayamba kulira ngati ya ku chipatala. Azakhali ankafuna malata. Wina ankafuna fizi ya ana atatu. Msuweni wanga wina anatumiza uthenga woti wapeza kale ya basi, akubwera kudzagwira ntchito yosamala dziwe. Malume akati alibe ndalama, ankawayankha kuti, "Achimwene, Mulungu akukuonani. Munthu wokhala ndi azungu antchito n'kumakana thumba la feteleza?"

Kuno nako anthu anayamba kutha. Jimu ngati ya malume imadalira anthu atsopano, chifukwa alonda amasinthidwa malo kawirikawiri. Kale mlonda watsopano akadutsa ankawerenga thabwa lija, n'kulowa. Tsopano ankaona geti lakuda ndi Chizungu chagolide, n'kuganiza kuti ndi kampani ya maliro. Akale nawo anachita mantha. Mmodzi, Mzulu wamtali, anaima pakhomo n'kuti, "Eish, Madala, manje useyi-executive. Mawa utikwezera mtengo." Sanabwerenso.

Malume ankandifunsa m'mawa uliwonse kuti anthu a pa intaneti aja afika liti. Ine ndinkayankha kuti msika ukadaphunzira kutizindikira. Mawu amenewa ndinawamva pa vidiyo ina, ndipo mpaka lero sindidziwa tanthauzo lake. Kukhala m'galaja yopanda anthu, n'kumamva dontho likugwera m'ndowa, kunandikanika. Ndinayamba kupita ku shebini ina ku Dukathole masana, kumene ndinkadziwika kuti konsalatanti. Ndinkatsegula laputopu patebulo, n'kumaonetsa zidakwa zinzanga zilembo zouluka, izo n'kumawomba m'manja malinga ngati botolo lili patebulo. Ndalama za ganyu zitatha, laputopu inatsala kwa mwini shebini ngati chikole. Siinabwererenso.

Loweruka lina ndinafika ku jimu dzuwa likadali pamutu, miyendo ikukangana. Malume anali atakhala okha pa benchi.

"Laputopu ili kuti?"

"Ili pa msonkhano, malume."

"Yamikani, ndalama zanga za ulonda zili m'zitsulo izi. Zaka zonse zija ndikuzizidwa pageti la fakitale zili apa. Undiuze chomwe chalakwika."

Ndipo ine, mwana wa mlongo wawo, wodya chawo, wogona pawo, ndinawayang'ana n'kunena kuti, "Webusayiti ilibe vuto. Vuto ndi inuyo. Nkhope yanu siyogulitsa."

Sanakalipe. Analowa m'kachipinda kaja, n'kutulutsa chikwama changa, n'kuchiika panja pa geti lakuda lija. Anandiuza kuti mwezi ukatha aitana munthu wa sikirapu adzatenge zitsulo zonse, iwo akwera basi kubwerera ku Ntcheu. Taganizani. Munthu anachoka kwawo ali mnyamata, akabwerere ndi imvi ndi chikwama chimodzi, kumudzi komwe aliyense akudziwa kuti ali ndi dziwe.

Ndinakagona pansi mu mkhukhu, kanyumba ka malata, ka mnzanga ku Dukathole, mutu pafupi ndi pulayimasi, mapazi akugunda chitseko. Ndinkadziuza kuti anthu anzeru onse amakanidwa ndi abale awo.

Tsopano ndichepetse liwiro, chifukwa apa ndi pamene ndinagwidwa.

Mwezi uli pafupi kutha ndinapeza ganyu ku Brakpan. Ndinakwera tekisi pa renki ya Germiston m'mawa, mutu ukugunda. Pambali panga panakhala mayi wina wathupi, wa yunifolomu ya pinki ya antchito a m'nyumba, juzi pamwamba. Mukudziwa lamulo lathu la m'tekisi: Mmalawi salankhula. Umapatsira ndalama kutsogolo, umati yebo, basi. Tekisi isanadzaze, mayiwo anatulutsa m'chikwama kapepala kopindika. Ndinakazindikira msanga. Kanali kanga.

Kasitomala! Wamoyo! Ndinakhala tsonga kuti ndione munthu akugwa m'chikondi ndi ntchito ya manja anga.

Foni yawo inali yaing'ono, galasi losweka pakona. Anayamba kulemba adiresi ija ndi chala chimodzi, akuyang'ana pa pepala, kuyang'ana pa foni. Analakwitsa pa Executive. Anafufuta. Analakwitsanso pa Wellness. Tekisi inadzaza, inanyamuka, iwo akadalemba. Atamaliza, foni inachita mdima, pakati pakuzungulira kanthu. Kanazungulira. Kanazungulirabe. Pa laputopu zinkatseguka ngati mphezi. Sindinayeserepo ngakhale kamodzi pa foni ngati iyi.

Mwadzidzidzi ng'oma zankhondo zija zinaphulika m'tekisi monse. Agogo ena kutsogolo anagwira pamtima. Dalaivala anayang'ana pagalasi n'kufunsa chomwe chavuta: "Hawu, mama, kwenzenjani?" Mayiwo anavutika kufuna pozimitsira, koma panalibe, chifukwa ine mwini sindinaike. Anaikanikiza foni pamimba mpaka phokoso linachepa.

Kenako ndinamva, chapansipansi, m'Chichewa cha kwathu chenicheni:

"Mbuzi."

Ndinaiwala lamulo. "Mayi, ndinu a kumudzi?"

Ananditembenukira. "Iii, nanunso? Ndine Nambewe, wa ku Dedza. Achimwene, inu maso anu ngabwino, tandithandizani. Ku kiliniki andiuza kuti bipi yakwera, ndiyambe majimu apo ayi ndifa. Kapepala aka anandipatsa ku tchalitchi, akuti ndi ya Mmalawi mnzathu. Ndingofuna ndione kuti ndi zingati."

Anandipatsa foni. Abale, ndinagwira webusayiti yanga m'manja ngati mlendo. Zilembo zagolide zinali zitaunjikana pamwamba pa zinzake. Mzungu wina ankaoneka mwendo wokha. Ndinatsitsa, ndinakweza, ndikudziwa bwino lomwe kuti mtengo palibe, koma ndikufunabe, ngati munthu wofufuza m'thumba lomwe akudziwa kuti n'lobooka.

"Zikuoneka kuti sanalembe," ndinatero.

"Nanga ili kuti?"

"Sanalembenso."

"Nambala?"

"Pali fomu. Akufuna imelo yanu ndi zolinga zanu pa moyo."

"Zolinga zanga pa moyo? Cholinga changa n'choti ndisafe! Ameneyu akugulitsa jimu kapena akufuna kundikwatira?"

Anthu awiri kumbuyo anaseka. Tinadziwa kuti m'tekisimo Amalawi tilimo anayi.

A Nambewe anatenga foni yawo, n'kuyang'anitsitsa chithunzi cha dziwe chimene chinali chitatseguka theka. Anapukusa mutu. Mawu awo anatsika.

"Basi, si za ife izi. Taonani anthu ake. Ine ndilowe umu ndi yunifolomu iyi? Angandipatse mopu."

Nthawi yomweyo foni inalira kuti bandulo yatha. A Nambewe anati, "Ndinagula dzulo iyi. Ndimati ndilankhule ndi ana madzulo ano." Anapinda kapepala kaja, n'kukaponya pansi.

Ndinayang'ana pawindo kuthawa nkhope yawo, ndipo tekisi inali ikukhota pa msewu wa kuseri kwa njanji. Patsogolo apo, geti lakuda. Munthu amene ankafuna jimu ya malume ndi mtima wake wonse, ndalama zili m'chikwama, ankadutsa pakhomo pake penipeni, ndipo chimene chinaima pakati pa iye ndi khomolo ndinali ine. Osati jimu ya pa molo. Osati msika. Osati nkhope ya malume. Ine, ndi zilembo zanga zouluka.

Ndikanatha kukhala chete. Ganyu inkandidikira ku Brakpan, ndipo mayiwa sankadziwa kuti mbuzi ija yakhala pambali pawo. Tekisi inadutsa geti. Inadutsa sitolo ya matayala. Ndinatulutsa mawu oimitsira tekisi:

"Shoti lefti, dalaivala!"

Ndinakuwa mpaka agogo aja anagwiranso pamtima. Ndinauza a Nambewe kuti ndikuidziwa jimuyo, atsike aione, akachedwa kuntchito ndiwalipirira tekisi ina. Anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu, mwina anaona kuti munthu wowonda chonchi sangabe munthu, n'kutsika.

Tinapeza malume ali ndi munthu wa sikirapu, amene anabwera kudzaona katundu asanabwere ndi baki, galimoto yake yonyamulira. Ntchito yake inali yophweka kuposa masiku onse, chifukwa chitsulo chilichonse chinali cholembedwa kale kulemera kwake. Ankangoyenda n'kumawonkhetsa. Malume atandiona nkhope inauma, koma poona mlendo anavula chipewa.

"Ndi pano?" anatero a Nambewe. "Ine ndimadutsa pano tsiku lililonse! Ndinkayesa mumagulitsa mabokosi a maliro." Anayang'ana benchi, ndowa, zitsulo. Anapuma mozama ngati munthu wovula nsapato zothina. "Aa, koma pano nde pabwino. Bambo, ndi zingati?"

"Handiredi fifite pamwezi, mayi. Mukafuna tsiku limodzi, teni randi."

"Mumatsegula nthawi yanji?"

"Faifi m'mawa mpaka eyiti madzulo. Lamulungu timapemphera."

"Azimayi amasinthira pati?"

Malume anakanda m'mutu. "Sanabwerepo azimayi. Koma kachipinda ka kumbuyoko kalibe munthu masiku ano."

Kachipinda kanga, abale.

"Ndiye zimenezi zinavuta chiyani kulemba? Anakupangirani zauchitsiru zija ndani?"

Malume anangoloza ndi mlomo. Ulendo uno mlomo unaloza mbali yolondola.

Zimene a Nambewe anandiuza sindingazibwereze pamaso pa a tcheyamani. Ndingoti munthu wa sikirapu, amene Chichewa sankachimva, anavula kapusi. Atatha, ndinagwada pa simenti. Ndinati, "Malume, ndinakulakwirani. Nkhope yanu ilibe vuto. Ndipatseni masiku otsalawa." Malume anauza wa sikirapu kuti abwere mwezi ukatha monga anapanganirana. Kwa ine anangoti, "Ukagona pa benchi. Ukamwa, usabwere."

Tsopano mverani zimene ndinachita, inu a malaputopu, chifukwa n'zochititsa manyazi kuphweka kwake.

Laputopu ndinalibe, ndiye ndinapangira pa foni yanga yakale, ndipo limenelo linali dalitso. Chilichonse chimene foni yanga inkalephera kunyamula, ndinkataya. Vidiyo inapita. Ng'oma zinapita. Azungu ndinawachotsa ntchito onse tsiku limodzi popanda notisi. Kunatsala tsamba limodzi. Pamwamba penipeni, munthu asanatsitse chala, ndinayankha mafunso a a Nambewe momwe anawafunsira: zingati, nthawi yanji, azimayi asinthira pati. Pansi pake batani limodzi lalikulu lobiriwira, ukalidina foni ya malume imalira kapena meseji imapita. Fomu ndinaikwirira popanda mwambo wa maliro. Dzina linabwerera kukhala Kwa Madala, ndipo adiresi yatsopano inafupika moti munthu angailembe tekisi ikudumpha mabampu. Ndinalemba m'Chizungu chophweka ndi Chizulu, chimene anandikonzera dalaivala wina atamaliza kuseka Chizulu changa, ndi mzere umodzi wa Chichewa woti akwathu adziwe kuti afika.

Nkhondo inali pa malo. Malume anakana masiku awiri.

"Ndati veni idzaima pageti!"

"Malume, apolisi amadziwa kale pomwe tili. Sajeni uja ankadzanyamula zitsulo Lachitatu lililonse. Amene sakudziwa ndi makasitomala okha."

Anang'ung'udza, koma analola. Sindinangolemba dzina la msewu, chifukwa anthu athu sayenda ndi dzina la msewu. Ndinalemba kuti ukwere tekisi iti pa renki, ukuwe pati, ndipo ukaona sitolo ya matayala wapitirira. Ndinaikanso chithunzi cha geti lenilenilo, litapakidwanso penti yoyera, mtengo ndi nambala zili pomwepo, kuti wodutsa alizindikire.

Nkhawa ya malume ija inali ndi nzeru mbali ina, ndipo pa zithunzi ndinaitsatira. Palibe amene ndinamujambula osamupempha. Amene sankafuna nkhope ndinawajambula misana, mikono, manja ali pa chitsulo. Nkhope imodzi yokha ndiyo ili poyera pa tsambalo: ya malume, ataima pakati pa galaja, kamimba kali patsogolo, osamwetulira ngakhale pang'ono. Benchi la selotepi likuoneka. Ndowa ndinafuna kuisuntha, malume anati isiye, mvula ikagwa asadzati tinawanamiza.

Ndisanauze munthu kuti zatha, ndinapita pa renki n'kupempha anthu osawadziwa kuti atsegule pa mafoni awo, ine n'kuima chete manja kumbuyo. Kukhala chete kumeneko ndi ntchito yowawa kuposa zonse. Munthu akasochera, pakamwa pamayabwa kuti umuuze podina. Osamuuza. Iye akasochera, wasochera ndiwe. Bambo wina sanaone batani chifukwa chala chake chinkaliphimba, ndinalikweza. Mtsikana wina anafunsa ngati alipo wophunzitsa oyamba kumene, ndinapita kukawonjezera mzere woti Madala amakuonetsa yekha, kwaulere.

Linki yatsopano ndinaitumizanso kumudzi. Imeneyo inandiwawa kuposa kugwada. Mayi anga anaimba.

"Yamikani, dziwe lija lapita kuti?"

"Laphwa, amayi."

"Nanga azungu aja?"

"Anapita nalo."

Kenako anati, "Achimwene akalamba. Uziwathandiza kunyamula zinthuzo." Za uinjiniya sanafunse, ndipo ndikuganiza kuti sanakhulupirirepo n'kale lomwe. Opempha malata anasiya kuimba. Msuweni wa dziwe uja anagula mbuzi ndi ndalama ya basi.

Musaganize kuti kumwamba kunatseguka. Masiku oyamba foni inalira kawiri, kamodzi anali munthu wofuna matayala. Koma a Nambewe anatumiza linki ku gulu la azimayi a ku tchalitchi kwawo, ndipo poti inkatseguka msanga osadya bandulo, azimayiwo anatumiziranso anzawo a m'mayadi. Anayamba kufika madzulo akaweruka, awiri, kenako asanu, mayunifolomu m'mapulasitiki. Alonda atsopano anayamba kuimba asanabwere. Mzulu wamtali uja anatulukira tsiku lina, n'kuwerenga mtengo pageti kawiri, n'kulowa osapereka moni ngati sanachokepo.

Mwezi utatha, wa sikirapu anabwera ndi baki yake. Anapeza azimayi ali pamzere, manja m'chiuno, malume ali kutsogolo akuwerenga mokuwa ngati sajeni. Anaima pakhomo, n'kufunsa ngati atsitse sikelo. Malume sanasiye n'kuwerenga komwe. Anangomukupiza ndi dzanja ngati ntchentche. Zitsulo zilipo mpaka lero. Sitinalemere, denga likudonthabe, ine ndimagonabe pa benchi chifukwa chipinda changa chili ndi katani ya maluwa ndi galasi. Ku Dukathole ndimapitako kukaona mnzanga uja, koma ndimadutsa njira ya kuseri, yosadutsa pa shebini. Ludzu likandigwira masana, malume amandipatsa chitsulo. Mwaona mikonoyi. Musaseke, inali yoposa apa kuwonda.

Tsiku lomwelo wa sikirapu atapita, ndinaima pakati pa jimu kudikira mawu othokoza. Ndinali nditakonza kale nkhope yodzichepetsa. Amene anabwera anali a Nambewe, thukuta lili chuchuchu, dzanja lili lotambasula.

"Bandulo yanga."

"Mayi, ine ndapulumutsa jimu."

"Munaipulumutsa kwa ndani? Bandulo yanga, achimwene. Ana anga sanandimve tsiku lija."

Ndinayang'ana malume kuti andithandize. Iwo anali otanganidwa kwambiri ndi kupukuta chitsulo choyera kale. Azimayi onse anasiya majimu, n'kundizungulira. Ndinapisa m'thumba, ndinatulutsa zonse zinali mmenemo, a Nambewe anawerenga pachikhatho, n'kundibwezera ya tekisi.

Ya bandulo anatenga twente faifi randi.